Kodi boma limaona ndalama zanga za kubanki ndi za pa foni? Mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa amalonda, aphunzitsi, asungichuma a mipingo ndi abale athu amene ali kunja. Mayankho ake akunena za Malawi, ndipo mayiko ena atchulidwa pokhapokha pamene nkhani yawo ikutikhudza kapena ikutiunikira. Ngati muli kale pa mlandu, tsamba lino lisalowe m'malo mwa loya.

1. Kodi boma lingathe kuona ndalama zimene zili mu akaunti yanga?

Lingathe, koma si aliyense wa m'boma amene ali ndi mphamvu imeneyo. Nduna, phungu, DC kapena wapolisi wa pa rodibuloko sangalowe m'banki n'kunena kuti mundionetse akaunti ya uje. Mphamvuyo malamulo anaipereka kwa nthambi zowerengeka: bungwe lofufuza za kayendedwe ka ndalama la FIA, bungwe lolimbana ndi katangale la ACB, apolisi ofufuza milandu ya zachuma, bungwe lotolera misonkho la MRA, ndiponso Reserve Bank of Malawi imene imayang'anira mabanki onse.

Nkhani zanu zimatuluka m'banki kudzera m'makomo awiri. Khomo loyamba ndi lija banki imatumiza yokha malipoti popanda woipempha, ndipo tafotokoza pa funso 5. Lachiwiri ndi lija ofufuza amachita kubwera kudzaitanitsa, lomwe lili pa funso 7. Anthu ambiri amaopa lachiwirili, chonsecho lodutsa zambiri tsiku ndi tsiku ndi loyambalo.

2. Nanga m'mapepala a kubanki muli chiyani choti munthu n'kudandaula nacho? Si manambala chabe?

Tengani sitetimenti ya mphunzitsi wina ya miyezi itatu, muiwerenge mofatsa. Pa 27 malipiro alowa. Tsiku lomwelo ndalama ina yadulidwa, yapita ku kampani yobwereketsa, ndiye mwadziwa kale kuti ali pa ngongole ndipo ndi ya zingati. Pa 28 lendi yapita ku nambala ya eni nyumba. Mwezi ndi mwezi pali K15,000 yopita ku akaunti ya mpingo, ndiye mwadziwa kumene amapemphera. Pali ndalama yolipira ku chipatala china cha pulayiveti kawiri pamwezi. Pali K40,000 imene imapita kwa mayi wina wa ku Mponela amene akazi awo samudziwa. Loweruka lina usiku anatapa ndalama pa ATM ya ku Mangochi, pamene kunyumba anatsanzika kuti akupita ku semina ku Kasungu. Sabata ya kampeni anatumiza kenakake kwa munthu amene akuimira chipani china.

Munthuyu sanauze aliyense kanthu, koma pepala lija lanena chipembedzo chake, matenda ake, ngongole zake, chibwenzi chake ndi mbali imene ali pa ndale. Pa foni munthu amatha kuzembaitsa mawu kapena kunama kumene. Ndalama ikayenda imasiya tsiku, ola, malo, dzina la wotumiza ndi la wolandira, ndipo zimenezi sizifufutika.

3. Kodi banki siyenera kundisungira chinsinsi?

Iyenera. Mfundo imeneyi tinaitengera ku malamulo a ku England, pa mlandu wa mu 1924 wa Tournier, munthu amene manijala wa banki yake anakaulula kwa abwana ake a kuntchito kuti ali ndi ngongole ndiponso kuti akuoneka ngati amatchova juga. Ntchito inamuthera. Khoti linagamula kuti banki ili ndi udindo wosunga chinsinsi cha kasitomala, koma linasiya mipata inayi: lamulo likailamula kuulula, ubwino wa anthu onse ukafuna kutero, banki ikamadziteteza monga pokusumirani ngongole, ndiponso inu eni mukavomereza. Mpata woyambawo ndi umene wakhala ukukula chaka ndi chaka. Wachinayiwo ambiri tinausainira tokha pa mafomu otsegulira akaunti, m'timalemba ting'onoting'ono tija sitiwerenga.

Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 21, amapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Amatchula kusechedwa m'thupi, m'nyumba ndi pa katundu, kulandidwa zinthu, ndiponso kusokonezedwa pa makalata ndi pa mafoni. Koma gawo 44 limalola kuti ufulu ngati umenewu uchepetsedwe, bola kuchepetsako kukhale kolembedwa m'lamulo, kwanzeru, kovomerezeka pa mfundo za ufulu wachibadwidwe za dziko lonse, ndiponso kofunikadi m'dziko la demokalase. Mkangano wonse wa nkhani ino wagona pa mawu akuti "kofunikadi".

4. N'chifukwa chiyani banki imandivutitsa ndi chiphaso cha unzika, bilu ya madzi ndi mapu a kunyumba kwanga?

Si nkhanza za mtsikana wa pa kauntala uja ayi. Lamulo la Financial Crimes Act la mu 2017 limalamula banki kuti idziwe bwino kasitomala wake: dzina lenileni, kumene akukhala, ntchito imene amagwira ndi kumene ndalama zake zimachokera. Akubanki amangoti KYC. Poti ambiri timakhala m'malo opanda nambala ya nyumba, n'chifukwa chake mumapatsidwa pepala kuti mujambule njira: kuchokera pa siteji, kudutsa pa chigayo, kukhota pa mjigo, geti yobiriwira.

Lamuloli silinabadwire ku Lilongwe. Gwero lake ndi bungwe la FATF lomwe mayiko olemera a G7 anakhazikitsa ku Paris mu 1989, ndipo lili ndi mfundo 40 zimene dziko lililonse limayesedwa nazo. Kuno kwathu oyesa ndi a ESAAMLG, bungwe la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, amene anatulutsa lipoti lonena za Malawi mu 2019. Dziko likalephera mayesowa limaikidwa pa mndandanda wa okayikiridwa, ndipo mabanki a kunja amayamba kuzengereza kuchita nalo malonda. Mozambique inalowa pa mndandandawu mu 2022, South Africa mu February 2023. Dziko ngati lathu, lomwe limagula mafuta, feteleza ndi mankhwala ndi madola, silingayerekeze kukana.

5. FIA ndi chiyani, ndipo banki imatumizako chiyani?

Financial Intelligence Authority inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2017 lija, kulowa m'malo mwa nthambi ya FIU imene inabwera ndi lamulo la mu 2006. Ntchito yake yaikulu ndi kulandira malipoti, kuwasanthula, n'kupereka zimene yapeza kwa apolisi, ACB, MRA kapena kwa mkulu woimira boma pa milandu.

Malipotiwo ali mitundu iwiri. Ena amapita chifukwa cha kukula kwa ndalama basi: mukaika, kutapa kapena kutumiza ndalama yopitirira mlingo umene unaikidwa, lipoti limapita ngakhale ndalamayo ndi ya fodya wanu amene mwagulitsa ku Kanengo. Ena amapita chifukwa wina m'bankimo wakayikira, ndipo apa palibe mlingo. Akaunti ya mlonda imene imalandira malipiro ochepa pamwezi ikalandira mamiliyoni mwadzidzidzi n'kuwatulutsa tsiku lomwelo, imeneyo imaonekera. Kompyuta ndi imene imayamba kuloza, kenaka wogwira ntchito amaona ngati zikumveka.

Si mabanki okha amene ali ndi udindowu. Makampani a ndalama za pa foni, malo osinthira ndalama zakunja, a inshulansi, malo a juga, ogulitsa nyumba ndi malo, owerengera ndalama, ngakhalenso maloya pa ntchito zina, onsewa lamulo linawaika m'gulu lomwelo. FIA imathanso kugawana nkhani ndi mabungwe anzake a m'mayiko ena kudzera m'gulu la Egmont.

6. Akanditumizira lipoti lotere, adzandiuza?

Ayi. Wogwira ntchito kubanki akakutsinani khutu kuti dzina lanu lapita ku FIA, iyeyo wapalamula mlandu. Chifukwa chake n'chomveka, poti wakuba akadziwa amasamutsa ndalama usiku womwewo. Koma zotsatira zake kwa munthu wosalakwa n'zakuti sangadziyeretse pa chinthu chimene sakudziwa kuti chilipo. Lipoti lokayikira si mlandu, ndipo ambiri sathera kukhoti. Limangokhala m'kompyuta, dzina lanu lili pamenepo.

Chimene mungaone n'chakuti banki yakuimbirani kufunsa kumene ndalama ina yachokera, kapena ikufuna risiti, invoisi kapena kalata yogulitsirana malo. Musapse mtima. Pepala limodzi loonetsa gwero la ndalama limatseka nkhani imene ikanakhala funso kwa zaka.

7. Kodi sipafunika chilolezo cha khoti?

Pa malipoti a pa funso 5, khoti silikhudzidwa n'komwe. Banki imatumiza chifukwa lamulo linanena kale, ndipo FIA ikhoza kubwereranso kubanki kukafuna zambiri pa nkhani imene yalandira.

Apolisi akafuna sitetimenti ya munthu, njira yodziwika ndi yopita kwa majisitireti kukatenga chilolezo. Muyenera kudziwa kuti pempho lotere limamvedwa mwini akaunti palibe, ndipo palibe amene amamuimira. Majisitireti amamva mbali imodzi, n'kusaina kapena kukana. Chitetezo chanu chonse pamenepo chagona pa woweruza amene amafunsa mafunso asanagwire cholembera, osati wongodinda chidindo poti wabweretsa pepala wavala yunifomu.

ACB ili ndi mphamvu zakezake pansi pa lamulo la Corrupt Practices Act zoitanitsa zikalata pa kafukufuku wake, ndipo MRA nayo malamulo a misonkho amailola kufuna mabuku ndi zikalata, ngakhale kwa munthu wachitatu amene akusunga ndalama za wokhoma msonkho. Amalonda amaidziwa bwino mbali imeneyi: MRA ikhoza kulamula banki kuti itenge ndalama mu akaunti ya amene ali ndi ngongole ya msonkho n'kuipereka kuboma.

8. Ine ndilibe akaunti kubanki, ndimagwiritsa ntchito Airtel Money ndi Mpamba. Zikundikhudza?

Zikukukhudzani, mwinanso kuposa wa kubanki. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo nthawi imeneyo simu khadi munthu ankangogula pa msewu ngati mtedza. Mu 2017 bungwe la NRB linalemba anthu oposa 9 miliyoni m'kaundula wa unzika, kutenga zithunzi ndi zidindo za zala. Mu 2018 bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe, ndipo zosalembetsa zinadulidwa. Kuchokera apo nkhope yanu, chala chanu, nambala ya foni ndi chikwama chanu cha pa foni zinamangidwa pa chingwe chimodzi, chomwe ndi nambala ya chiphaso cha unzika. Akaunti ya kubanki ndi ya msonkho zimamangidwanso pomwepo.

Ndalama ya pa foni imanena zambiri kuposa ya kubanki chifukwa timaigwiritsa ntchito pa tinthu ting'onoting'ono: mayunitsi a magetsi, kabaza, chopereka cha maliro, kubetcha mpira. Kampani ya foni imadziwanso nsanja imene foni yanu inalumikizana nayo pa nthawi imene munkatumiza, ndiye dera limene munali limadziwika.

Komatu tisamangoyang'ana kuboma. Imani pa kakhumbi ka ejenti madzulo, muone kope lija lili pa thebulo. Muli mayina, manambala a foni, kuchuluka kwa ndalama ndi siginecha, mzere ndi mzere, ndipo aliyense amene akudikira pamzere akhoza kuwerenga uku akunamizira kufufuza chenje m'thumba. Ena timachita kutchula nambala yathu mokweza, n'kuwonjezera kuti "mutapemo handiredi sauzande." Ola lisanathe foni ikulira, wina akukutchulani dzina, akuti watumiza ndalama molakwitsa, mumubwezere. Apolisi anenapo kangapo kuti ena mwa akathyali oterewa amaimba ali m'ndende ya Zomba. Kulembetsa simu khadi kunabwera ndi lonjezo loti kuthetsa umbava wotere, koma akuba anangoyamba kulembetsa ndi ziphaso za anthu ena, pamene munthu woona mtima ndiye anatsala poyera.

9. Nanga makina aja anthu ankati ndi aukazitape a MACRA, amaona ndalama?

Makinawo dzina lake ndi CIRMS. MACRA inawagula ku kampani ina ya ku America cha m'ma 2010, ndipo inati cholinga chake n'kuona ngati makampani a foni akupereka ntchito yabwino ndiponso ngati akunena zoona pa ndalama zimene amapeza. Anthu ena anakasuma ponena kuti makinawo adzaphwanya gawo 21. Khoti lalikulu linagwirizana nawo mu 2012, koma khoti la apilo linatembenuza chigamulocho mu 2014.

MACRA yakhala ikukana kuti makinawa amamvetsera zokambirana za anthu. Chimene mkanganowo unatiphunzitsa n'chakuti palibe chifukwa chomvetsera mawu kuti udziwe munthu. Kudziwa kuti anaimbira yani, liti, kwa mphindi zingati, ali kuti, n'kokwanira. Wofuna mbiri ya ndalama zanu za pa foni safunikanso makina apadera, chifukwa kampani ya foni ili nayo kale yonse, ndipo njira zoitengera ndi zomwe zili pa funso 5 ndi 7.

10. Ngati sindinabe kanthu, ndiope chiyani?

Funso limeneli limabwera kawirikawiri kuposa onse, ndipo amene amafunsa amakhala akuganiza za boma limene lilipo lero, makamaka ngati ndi la chipani chawo. Koma mphamvu ikalembedwa m'lamulo siichoka boma likasintha. Imadikira amene akubwera.

Akuluakulu amene anakhala nthawi ya chipani chimodzi sangafunse funso ili. Lamulo la Forfeiture Act la mu 1966 linkalola boma kulanda katundu wa munthu pongolengeza kuti ndi woopsa pa chitetezo kapena pa chuma cha dziko, ndipo anthu anataya nyumba, mashopu ndi minda popanda kuweruzidwa. Makalata ankatsegulidwa. Zonsezo zinkachitika ndi mafayilo a mapepala ndi anthu otchera khutu m'mabasi. Taganizani boma lotero litakhala ndi mndandanda wa aliyense amene anatumizapo K2,000 kwa munthu amene lamutcha chigawenga.

Izi si zongoyerekeza. Ku Nigeria mu November 2020, banki yaikulu ya dzikolo inatenga chilolezo cha khoti n'kutseka maakaunti 20 a anthu amene ankathandiza zionetsero zotsutsa nkhanza za apolisi. Ku Uganda mu December 2020, kutatsala milungu yochepa kuti chisankho chichitike, bungwe lawo lofanana ndi FIA yathu linatseketsa maakaunti a mabungwe ena omwe si aboma, kuphatikizapo Uganda National NGO Forum, ponena kuti akukayikiridwa kuthandiza uchigawenga. Maakauntiwo anatsegulidwa chisankho chitadutsa. Ngakhale ku Canada, mu February 2022, boma linalamula mabanki kutseka maakaunti oposa 200 a anthu okhudzidwa ndi zionetsero za madalaivala a mathiraki popanda kudzera kukhoti, ndipo mu January 2024 woweruza wina anagamula kuti boma linapyola malire. Mukhoza kudana ndi zimene anthuwo ankachitira zionetsero, koma chida chimene chinagwira ntchito pa iwo n'chomwecho, ndipo chaona mnzako chapita.

Palinso mantha ang'onoang'ono amene safika m'nyuzipepala. Mtolankhani amene walandira ndalama ya thiransipoti kuchokera kwa munthu amene anamutsina khutu. Wogwira ntchito m'boma amene akufuna kuthandiza bungwe lomenyera ufulu koma akuopa kuti abwana adziwa. Munthu akadziwa kuti akuonedwa amasiya ngakhale zinthu zololedwa.

11. Ndiye kuti boma lisamaone n'komwe?

Ayi, ndipo amene anaona Cashgate sanganene zimenezo. Mu September 2013 mkulu woona za bajeti, a Paul Mphwiyo, anawomberedwa pa geti la nyumba yawo ku Lilongwe, ndipo m'masabata omwewo apolisi anayamba kupeza makalaliki a m'boma ali ndi mitolo ya ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba. Kampani yowerengera ndalama ya ku Britain, Baker Tilly, inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi 6 yokha. Macheke a boma ankalembedwa kupita ku makampani amene sanagulitse boma ngakhale pensulo, ndipo zolembedwazo zinkafufutidwa m'kompyuta za boma. Chimene akuba sanathe kufufuta ndi mabuku a mabanki. Amene anamangidwa, ambiri anagwidwa ndi cheke chimene chinalowa mu akaunti ndi ndalama imene inatapidwa pa kauntala.

Koma nkhani yomweyi ili ndi mbali ina yowawa. Macheke onsewo anadutsa m'mabanki, lamulo lokakamiza kupereka malipoti lilipo kale kuyambira 2006, ndipo ndalama zinatulukabe kwa miyezi. Ukonde umene umagwira mayi wa geni chifukwa sanabweretse bilu ya madzi unalephera kugwira mamiliyoni otapidwa masana dzuwa likuswa mtengo. Vuto lathu silinakhalepo kuchepa kwa zimene boma likudziwa. Ife tikuona kuti funso loyenera kufunsa aphungu ndi lakuti: chaka chatha maakaunti angati anaonedwa, ndi yani, pa chilolezo cha yani, ndipo angati anathera m'khoti? Nanga wogwira ntchito amene waona akaunti ya mnzake wa ndale kapena ya mkazi wake wakale popanda chifukwa amalangidwa bwanji?

12. Kodi akaunti yanga ingatsekedwe ndisanaweruzidwe?

Ingatsekedwe. Mkulu wa ACB akhoza kupereka chiletso choti katundu kapena ndalama zimene zikufufuzidwa zisakhudzidwe, ndipo lamulo la mu 2017 lili ndi njira zoimitsira ndalama ndi kuzisunga mpaka khoti litagamula. Lamulo lomweli limalolanso boma kupempha khoti kuti lilande katundu amene akuoneka kuti anachokera ku mlandu, ngakhale mwini wake sanapezeke wolakwa pa mlandu waupandu.

Ziletsozi sizisankha nkhope. Mu 2020, boma litangosintha, ACB inatseka maakaunti a a Peter Mutharika, amene anali atangochoka pa upulezidenti, pa kafukufuku wa simenti imene inalowa m'dziko osalipira msonkho pogwiritsa ntchito nambala yawo ya msonkho. Iwo anakana kuti sankadziwa kanthu za simentiyo, ndipo anatengera nkhaniyo kukhoti. Munthu ngati ameneyu ali ndi maloya. Wogulitsa kaunjika amene mpamba wake wonse uli mu akaunti imodzi, milungu itatu yokha ya chiletso ndi yokwanira kumugwetsa.

Zikakuchitikirani, funsani banki kuti chiletsocho chachokera ku ofesi iti ndipo pemphani pepala lake. Muli ndi ufulu wokachitsutsa kukhoti, ndipo ngati mulibe ndalama ya loya pitani ku Legal Aid Bureau.

13. Mwana wanga amanditumizira ndalama kuchokera kuJoni kapena ku UK. Akuona ndani?

Mayiko onse awiri. Ku South Africa kuli lamulo la FICA la mu 2001, n'chifukwa chake Mukuru ndi anzake amafuna pasipoti kapena chiphaso asanamulembetse wotumiza. Ku Britain malipoti okayikira amapita ku National Crime Agency. Kuno, ndalama zakunja zimene zalowa ndi kutuluka zimalembedwa ndipo Reserve Bank imazitsata.

Ndalama ikakhala ya madola pamabwera wachitatu. Madola ambiri oyenda pakati pa mabanki amadutsa m'mabanki a ku New York, kumene amasefedwa ndi mndandanda wa anthu amene boma la America linawaletsa. Dzina lanu likangofanana ndi la wina wa pa mndandandawo, ndalama ikhoza kuima masiku angapo. Mauthenga a pakati pa mabanki amayenda pa makina a SWIFT, omwe likulu lake lili ku Belgium, ndipo mu 2006 nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti boma la America linakhala likulandira mwachinsinsi zolembedwa za SWIFT kuyambira pambuyo pa chiwembu cha pa 11 September 2001.

Ambiri amathawira kwa madalaivala a mabasi ndi mathiraki, kapena kwa anthu amene amalandira marandi uko wina n'kupereka makwacha kuno. Njira imeneyo siisiya mapazi, n'zoona, koma ndalama ikasowa mulibenso pepala lokaonetsa kupolisi, ndipo kusintha ndalama zakunja kwa munthu wopanda chiphaso ndi mlandu.

14. Bwanji ndizingoika ndalama pang'onopang'ono kuti lipoti lisapite?

Musayese. Kugawa ndalama dala kuti izembe mlingo ndi chimodzi mwa zizindikiro zoyamba zimene makompyuta a banki anaphunzitsidwa kugwira. Mukanangoika yonse kamodzi, likanapita lipoti wamba lomwe limapita pa anthu ambirimbiri. Mukaidula zidutswa zisanu m'masiku atatu, likupita lipoti lokayikira, lija la pa funso 6.

Ndalama ya m'manja ndi yololedwa, ndipo banki mkhonde ndi chipereganyu zimayenda popanda lipoti lililonse. Kumeneko chinsinsi chanu chili m'manja mwa amayi makumi awiri a m'mudzi mwanu, zomwe ena angati n'zoopsa kuposa FIA.

15. Kodi lamulo latsopano loteteza zinsinsi za anthu lasintha chiyani?

Lamulo la Data Protection Act linayamba kugwira ntchito mu 2024. Limati aliyense wosunga nkhani zokhudza anthu, kaya banki, kampani ya foni, chipatala kapena ofesi ya boma, azitenga zokhazo zimene zikufunika, pa cholinga chodziwika, n'kuzisamala. Limakupatsani ufulu wofunsa zimene akusunga zokhudza inu ndi wokonzetsa zolakwika, ndipo limafuna kuti nkhani za anthu zikabedwa kapena kutayika, osungawo anene.

Pali zinthu ziwiri zoti musayembekezere. Lamuloli silifafaniza udindo wa banki wopereka malipoti, ndipo kafukufuku wa milandu ndi chitetezo cha dziko zili ndi mipata yake. Chachiwiri, ntchito yoyang'anira lamuloli inaperekedwa kwa MACRA, bungwe lomwe lija la pa funso 8 ndi 9, lomwe akuluakulu ake amasankhidwa ndi boma. Ngati lidzathe kudzudzula nthambi inzake ya boma ikalakwa, tidzaonera pa mlandu woyamba wotere.

16. Ndikatseka akaunti, mbiri yanga imafufutika?

Siifufutika. Mfundo za FATF zimafuna kuti zolembedwa zisungidwe zaka zosachepera 5, ndipo lamulo lathu limati 7. Akale anati mlandu suola.

Mbiri ya ngongole ili ndi nyumba yakeyake. Pansi pa lamulo la mu 2010, mabanki ndi obwereketsa ndalama amatumiza mayina a okongola ku makampani osunga mbiri ya ngongole, monga Credit Data ndi TransUnion. Amenewa si aboma, koma ndi amene amachititsa kuti banki imene simunapondemo ikukanizeni ngongole chifukwa cha ina imene munasiya kulipira kwina zaka zapitazo. Mukhoza kupempha lipoti lanu n'kutsutsa zolakwika, ndipo ndi bwino kutero musanakapemphe ngongole yaikulu.

17. Wa kubanki kapena ejenti waulula za ndalama zanga kwa mwamuna wanga, kwa abwana anga kapena pa WhatsApp. Ndipite kuti?

Kuulula kotere sikuli m'gulu la mipata inayi ya pa funso 3. Ukwati supatsa munthu ufulu woona akaunti ya mnzake ngati dzina lake silili pa akauntiyo, ndipo bwana amene amakulipirani kudzera kubanki alibe gawo pa zimene mumachita ndi malipirowo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho musadikire kuti banki izindikire yokha. Lembani kalata yodandaula kwa manijala wa nthambi, musangolankhula pakamwa, ndipo kope lanu alidinde chidindo cha tsiku limene alandira. M'kalatamo pemphani kuti afufuze amene anatsegula akaunti yanu pa masiku amene mukuwakayikira, chifukwa makompyuta a banki amasunga dzina la wogwira ntchito aliyense amene walowa mu akaunti ndi nthawi yake. Ngati nkhaniyo yafalitsidwa pa foni, jambulani uthengawo pamodzi ndi nambala ndi tsiku usanafufutidwe.

Banki kapena kampani ya foni ikapanda kukuyankhani mokhutiritsa, dandaulo lipite kwa woyang'anira mabungwe a zachuma ku Reserve Bank, ndipo pa nkhani ya zinsinsi lipitenso ku MACRA. Ngati amene waulula ndi wa m'boma, ofesi ya Ombudsman ndi Malawi Human Rights Commission zimalandira madandaulo otere kwaulere. Kukasuma kukhoti kuti mulipidwe chipukutamisozi n'kothekanso, ndipo loya adzayamba wakufunsani kalata yodindidwa ija.